CHILONDA CHA MWANA: KODI ADZALIPIRA NDANI?

Amayi, inu amene mumabwera ndi ana ku sikelo mwezi ndi mwezi kuno ku Kandeu, mukudziwa kuti mwana wongoyamba kukwawa kapena kuyenda sakhala malo amodzi. Lero wagwira chikuni cha moto, mawa wagubuduza mphika wa phala, mkuja waponda msomali kapena botolo losweka. Ngozi yotere ikagwa, makolo ambiri amayamba adzifunsa za ndalama: "Kodi ku chipatala akatilipiritsa zingati?" Chifukwa cha mantha amenewa, ena amasunga mwana pakhomo masiku atatu kapena anayi, akumupaka za m'mudzi, mpaka chilonda chichite mafinya. Pamenepo chilonda chimene chikadapola m'masabata awiri chimatenga miyezi, ndipo ndalama imene ankaiopa ija imatuluka yochuluka koposa.

Kabuku kano kakufotokozerani zinthu zimene zimafunika pochiza chilonda, kumene mungazipeze mwaulere, kumene mungalipire, ndiponso m'mene inshuwaransi ya chipatala imagwirira ntchito. Kawerengeni pamodzi ndi abambo a kunyumba. Ngati pali mnzanu wosadziwa kuwerenga, muwerengereni.

KODI CHILONDA CHIMAFUNA ZINTHU ZITI?

Thupi la mwana wodya bwino limatha kudzipoletsa lokha. Ntchito ya mankhwala ndi zipangizo ndiyo kutchinjiriza chilonda ku tizirombo toyambitsa matenda, ku fumbi ndi ku ntchentche, kuti mnofu watsopano umere bwino. Zinthu zimene anamwino amagwiritsa ntchito ndi izi:

1. Madzi a mchere otsukira chilonda.
2. Gozi, ndiko kansalu koyera kopyapyala kophimbira chilonda. Ndiponso thonje, bandeji ndi pulasitala.
3. Magolovesi, ndiponso sizasi ndi tizitsulo togwirira zimene amaziphika kuti tizirombo tife.
4. Mankhwala opaka, monga ayodini, kapena mafuta oyera a zilonda za moto otchedwa silver sulfadiazine. Anamwino ndiwo amasankha oyenera msinkhu wa mwana ndi mtundu wa chilonda.
5. Mankhwala ochepetsa ululu, mankhwala opha tizirombo ngati chilonda chavunda, ndi katemera wa kafumbata.
6. Pa zilonda zikuluzikulu pamafunikanso diripi, magazi, ndipo nthawi zina opareshoni yotenga khungu pamalo ena a thupi nkuliika pa chilondacho.

Chinthu chofunika kuchimvetsa ndi ichi: chilonda sachimanga kamodzi kokha ayi. Amachitsuka ndi kuchimanganso tsiku ndi tsiku, kapena pakapita masiku awiri kapena atatu, kufikira chitapola. Ulendo uliwonse pamafunika gozi watsopano, bandeji yatsopano ndi magolovesi atsopano. Nchifukwa chake mtengo wa chilonda umayendera kuchuluka kwa masiku. Chilonda chofika msanga ku chipatala chimadya zipangizo zochepa. Chochedwa chimadya zambiri.

THANDIZO LOYAMBA SILIFUNA NDALAMA

Mwa zilonda zonse za ana osafika zaka 5, zoopsa kwambiri ndi za moto ndi madzi otentha. Zimachuluka m'miyezi yozizira ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, pamene mabanja amaotha moto ndi kugona pafupi ndi mbaula. Mwana akapsa, chitani izi nthawi yomweyo:

1. Mchotseni pa moto. Ngati malaya ayaka, mkulungeni ndi bulangete kuti moto uzime.
2. Thirani madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20. Madzi a pa mjigo ndi abwino. Mbali zina za thupi zifundeni kuti mwana asazizidwe.
3. Mvuleni zovala ndi mikanda pamalopo, koma nsalu imene yamatirira pa khungu musaikoke.
4. Matuza musawaboole.
5. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa bwino.
6. Pitirizani kuyamwitsa. Mwana wamkulupo mpatseni madzi akumwa pafupipafupi.

Musapake dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, phulusa, dothi, ndowe kapena masamba. Zimenezi sizichotsa kutentha, ndipo zimalowetsa tizirombo. Dothi ndi ndowe ndimo mumakhala tizirombo ta kafumbata.

Pitani ku chipatala tsiku lomwelo ngati wapsa ndi khanda, ngati malo opsa ndi aakulu kuposa chikhatho cha mwanayo, kapena ngati wapsa kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena molumikizira mafupa. Chikhatho cha mwana pamodzi ndi zala zake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake lonse. Mwana akapsa malo okwana zikhatho zake 10, amataya madzi ambiri m'thupi ndipo amafunika diripi mosachedwa.

Galu akaluma mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani ku chipatala kukafunsa za katemera wa chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika.

KU CHIPATALA CHA BOMA

Mu chipatala cha Boma chithandizo ndi chaulere. Izi ziri chomwecho pa chipatala chaching'ono cha Kandeu, pa chipatala chachikulu cha pa boma la Ntcheu, ndi m'mawodi wamba a zipatala zikuluzikulu za ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Kuonana ndi dokotala, kutsuka ndi kumanga chilonda, kusoka, jekeseni, katemera, diripi, bedi ndi opareshoni, zonsezi simuyenera kulipira.

Tikati chaulere sindiye kuti zinthuzo ziribe mtengo. Boma limazigula ndi ndalama za misonkho pamodzi ndi thandizo la maiko ndi mabungwe akunja. Zambiri zimadzera ku nkhokwe ya mankhwala ya Central Medical Stores Trust, ndipo kuchokera kumeneko zimagawidwa m'zipatala. Inu mukagula shuga kapena chitenje m'sitolo mumakhoma msonkho. Motero bandeji imene amamanga pa mwendo wa mwana wanu ndi yanu ndithu; simukupempha chifundo cha munthu.

Kuyambira chaka cha 2004 Unduna wa za Umoyo wakhala ukutsata mndandanda wa chithandizo chofunika kwambiri chimene Mmalawi aliyense ayenera kulandira osalipira, ndipo umoyo wa amayi ndi ana uli patsogolo pa mndandandawo.

M'zipatala zina zikuluzikulu za Boma muli mawodi olipira. Amenewa ndi a anthu amene asankha okha kugona m'chipinda chapadera. Palibe amene angakukakamizeni kulowa kumeneko. Akakufunsani, nenani momveka kuti mukufuna wodi ya anthu onse.

NANGA ZIPANGIZO ZIKATHA?

Nthawi zina mudzamva anamwino akunena kuti gozi, magolovesi kapena mankhwala ena atha. Zambiri mwa zinthu zimenezi zimagulidwa kunja kwa dziko lino, ndipo ndalama yathu ikachepa mphamvu, monga m'mene kwacha inatsikira ndi 44 pa 100 aliyense mu Novembala 2023, mitengo yake imakwera. Zikatero musabwerere kunyumba muli chete. Chitani izi:

1. Pemphani kuti chilonda achione ndi kuchitsuka ndi zimene ziripo.
2. Funsani ngati pali mankhwala ena olowa m'malo mwa amene athawo.
3. Ngati mpofunika kugula, pemphani kuti akulembereni dzina la chinthucho ndi kuchuluka kwake m'buku la chipatala la mwana.
4. Gulani m'sitolo ya mankhwala yovomerezeka, ndipo tengani lisiti. Musagule mankhwala oyalidwa padzuwa pa msika. Ena ndi otha mphamvu, ena ndi achinyengo, ndipo ena ndi obedwa m'zipatala zathu zomwe.
5. Zimene mwagulazo bwererani nazo kwa anamwino kuti akuonetseni kagwiritsidwe kake.

Ndalama yogulira chinthu m'sitolo ndi yosiyana ndi ndalama yopatsa munthu wogwira ntchito m'chipatala cha Boma. Yoyambayo nthawi zina imafunika. Yachiwiriyo ndi yoletsedwa, kaya aitcha ya sopo, ya fanta kapena yothokoza.

Ngati chilonda ndi chaching'ono ndipo anamwino akulolani kuchisamalira pakhomo, madzi a mchere mungathe kukonza nokha. Wiritsani madzi, muyeze theka la lita, ndi kusungunulamo sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi ya mchere, yosasefukira. Adikireni azizire. Konzani atsopano tsiku liri lonse. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chilonda ndiponso mukatha. Nsalu yophimbira muichape, muiwiritse, muiyanike padzuwa, ndipo ngati simbi iripo muisite.

KU CHIPATALA CHA MISHONI

M'boma la Ntcheu muli zipatala za mishoni monga za ku Nsipe, Gowa ndi Mlanda, ndipo chakumpoto, m'boma la Dedza, kuli chipatala cha Mua. Zipatala za mipingo ziri pansi pa bungwe la Christian Health Association of Malawi, limene ambiri amangolitcha CHAM. Bungweli linayamba mu 1966, ndipo zipatala zake zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha umoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi.

Zipatala zimenezi zimalipiritsa. Boma limathandiza pa malipiro a ogwira ntchito, koma mankhwala, zipangizo, magetsi ndi zina zimafuna ndalama ya odwala. Komabe kuyambira mu 2006 Boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zambiri za CHAM, makamaka kumadera kumene chipatala cha Boma chiri kutali. Pa pangano lotere wodwala salipira, ndipo chipatala chimatumiza bilu ku Boma. Mapangano ambiri amakhudza amayi oyembekezera, kuchira ndi ana ongobadwa kumene. Ena amafikanso kwa ana osakwana zaka 5.

Apa ndi pamene amayi ambiri amasokonezeka. Mayi amene anachira mwaulere pa chipatala cha mishoni amaganiza kuti zonse kumeneko ndi zaulere, ndipo amadabwa akapatsidwa bilu ya chilonda cha mwana wa zaka zitatu. Pangano la chipatala china silifanana ndi la chinzake. Safunsa anadya phula. Mukangofika funsani mafunso awa:

1. Kodi chipatala chino chiri ndi pangano ndi Boma?
2. Kodi panganolo likukhudza mwana wa msinkhu uwu ndi vuto ili?
3. Ngati ndilipira, kodi kumanga chilonda ndi mtengo umodzi, kapena ndizilipira ulendo uliwonse?
4. Kodi mtengowo ukuphatikiza gozi, bandeji ndi mankhwala?
5. Kodi ndingathe kulipira pang'onopang'ono?

Mwana akakhala pa ngozi, monga wopsa kwambiri kapena wotaya magazi, pitani naye ku chipatala chimene chiri pafupi, cha Boma kapena cha mishoni, ngakhale m'thumba mulibe kanthu. Za ndalama mudzakambirana moyo utapulumuka. Mwanayo akapezako bwino mungathe kupempha kalata yoti muzikamangitsa chilonda ku chipatala cha Boma.

KU ZIPATALA ZA ANTHU

Pa matauni ndi pa misika ikuluikulu pali zipatala za anthu ochita malonda. Kumeneko chiri chonse chiri ndi mtengo wake: kuonana ndi dokotala, kutsuka chilonda, bandeji iri yonse ndi jekeseni iri yonse. Ngati mwasankha kupita kumeneko, funsani mtengo wa chithandizo chonse mpaka chilonda chitapola, osati wa tsiku loyamba lokha. Pemphani bilu yolembedwa chinthu chimodzichimodzi, ndipo onani ngati zolembedwazo mwanayo analandiradi. Ndalama ikakutherani pakati pa njira musangosiya. Pitani ku chipatala cha Boma ndi buku la mwana.

MWANA AKATUMIZIDWA KU CHIPATALA CHACHIKULU

Chipatala chaching'ono chikaona kuti chilonda chakula, chimatumiza mwana ku chipatala cha pa boma la Ntcheu. Kumeneko akaona kuti pakufunika akatswiri, amamtumiza ku chipatala chachikulu koposa. Pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe pali wodi ya anthu opsa ndi moto imene inakhazikitsidwa mu 2011. Pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre wodi yotere inatsegulidwa mu 1993, ndipo mu 2017 panatsegulidwanso Mercy James Centre, malo a opareshoni za ana. Konseku mwana wotumizidwa ndi chipatala cha Boma amathandizidwa mwaulere.

Kalata yokutumizani ndi chuma. Imauza dokotala wa kutsogoloko zimene zachitika kale, ndipo imakufupikitsirani njira. Isungeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi buku la chipatala ndi khadi la sikelo. Ambulansi ya Boma siilipiritsa. Ikachedwa, ndipo a chipatala akakuuzani kuti mwana sangadikire, mpamene ndalama yosunga pakhomo imapulumutsa moyo.

Musakane kutumizidwa poopa kutalika kwa ulendo. Chilonda cha moto chakuya chikapola chokha popanda opareshoni, khungu limakokana. Zala zimamatirirana, chigongono kapena bondo limakanika kuwongoka, ndipo mwana amakula wolumala, wosatha kugwira khasu kapena cholembera. Kukonza zimenezi pambuyo pake ndi kovuta kuposa kuzipewa.

MAKINA OKOKA MADZI A M'CHILONDA

Mwina munamvapo kwa abale okhala ku Joni kapena m'tauni za makina amene amalumikiza pa chilonda. Kagwiridwe kake ndi kotere: m'chilonda amaikamo siponji yapadera, pamwamba amamata pulasitiki kuti mpweya usalowe, ndipo kapaipi kamachoka pamenepo kupita ku kapampu. Kapampuko kamakoka madzi ndi mafinya usana ndi usiku nkumathira m'kabotolo. Kutero kumachepetsa kutupa ndipo kumathandiza mnofu watsopano kumera. Siponjiyo amaisintha pakapita masiku awiri kapena atatu. Njirayi inatchuka kuchokera ku Wake Forest University ku America, kumene Louis Argenta ndi Michael Morykwas anafalitsa zotsatira za ntchito yawo mu 1997.

Makinawa ndi okwera mtengo, ndipo chimene chimadya ndalama kwambiri ndi siponji, mapaipi ndi mabotolo, pakuti zimatayidwa zikangogwira ntchito kamodzi. Ngakhale ku America anthu ambiri sagula makinawa koma amabwereka, ndipo inshuwaransi ya Boma ya okalamba yotchedwa Medicare imalipira 80 pa 100 aliyense a mtengo wovomerezeka, dokotala atalemba umboni wakuti chilondacho chikufunikadi makina. M'maiko ambiri a mu Africa madokotala ena amachita njira yomweyi ndi gozi ndi makina okokera wamba a m'chipatala, kuti mtengo uchepe.

Makina otere ndi a zilonda zikuluzikulu zakuya, monga za ngozi ya galimoto, za matenda a shuga, kapena bala la opareshoni limene latseguka. Amafuna magetsi ndi katswiri woyang'anira. Zilonda zambiri za ana siziwafuna konse. Zimapola ndi ukhondo, gozi ndi chakudya chabwino. Munthu wina akakuuzani pa msika kapena pa foni kuti akugulitsa makina kapena mafuta odabwitsa opoletsa chilonda chiri chonse, sungani ndalama yanu, mukafunse kaye a chipatala.

KODI INSHUWARANSI YA CHIPATALA NDI CHIYANI?

Inshuwaransi iri ngati thumba limene anthu ambiri amaponyamo ndalama mwezi ndi mwezi ali bwino, kuti wina akadwala thumbalo limlipirire. M'Malawi muno mulibe inshuwaransi ya Boma ya anthu onse, pakuti zipatala za Boma ndi zaulere kale. Imene iripo ndi ya mabungwe, ndipo lodziwika kwambiri ndi Medical Aid Society of Malawi, kapena kuti MASM. Anthu amene ali nayo ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo analowa kudzera kuntchito. Ntchito yake ndiyo kulipira ku zipatala za anthu, za mishoni ndi m'mawodi olipira.

Ngati abambo a kunyumba kapena inu nomwe muli pa ntchito imene amadula ndalama ya inshuwaransi, dziwani izi:

1. Mwana sathandizidwa ngati dzina lake silinalembetsedwe. Khanda likabadwa, kalembetseni msanga.
2. Kawirikawiri wolowa kumene amadikira miyezi ingapo asanayambe kulandira chithandizo china. Kulowa mwana atavulala kale sikuthandiza pa chilonda chimenecho.
3. Mwezi ukadumphidwa osalipira, khadi limatha kutsekedwa.
4. Pali magawo osiyanasiyana. Wopereka zochepa amalandira zochepa, ndipo si chipatala chiri chonse chimene chimalandira khadi lake.
5. Pali malire a ndalama imene bungwe lingalipire pa chaka.
6. Pa chithandizo chokwera mtengo, monga opareshoni kapena makina aja, kawirikawiri bungwe limafuna kuti livomereze kaye chithandizocho chisanayambe. Dokotala amalemba kalata yofotokoza kukula kwa chilonda ndi chifukwa chake. Mukayamba popanda chilolezo, bungwe lingathe kukana bilu.
7. Nthawi zambiri bungwe sililipira bilu yonse.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti bilu ya mwana yakwana K100,000, ndipo gawo lanu limalipira 80 pa 100 aliyense. Bungwe lidzapereka K80,000, ndipo K20,000 yotsalayo idzachoka m'thumba mwanu. Ngati m'biluyo muli zinthu zimene bungwe silizivomereza, zimenezonso zidzagwera inu. Choncho musanasaine pepala liri lonse funsani kuti, "Nanga ine ndilipirapo zingati?" Bungwe likakana kulipira, pemphani kuti likulembereni chifukwa chake. Nthawi zina vuto limangokhala dzina lolembedwa molakwika, deti losowa, kapena kalata ya dokotala imene sinatumizidwe, ndipo zikakonzedwa bilu imalipidwa.

Ngati mulibe inshuwaransi musadandaule. Mwana wanu ali ndi ufulu wonse wolandira chithandizo m'chipatala cha Boma.

NGOZI ZA PA MSEWU NDI ZA PA NTCHITO

Pali inshuwaransi ina imene anthu ambiri kumudzi saidziwa. Malamulo a pa msewu amafuna kuti galimoto iri yonse ndi njinga yamoto iri yonse ikhale ndi inshuwaransi yolipira anthu amene ingawavulaze. Mwana akagundidwa, choyamba mtengereni ku chipatala. Lembani nambala ya galimotoyo kapena njingayo, kanenani ku polisi, ndipo sungani lipoti la polisi, lipoti la dokotala ndi malisiti onse. Mapepala amenewa ndiwo umboni wanu popempha chipukuta misozi. Musafulumire kulandira kandalama ka pa msewu ndi kuvomera kuti nkhani yatha, chifukwa kukula kwa chilonda kumadziwika patapita masiku. Njinga zambiri za kabaza zimayenda zopanda inshuwaransi. Poyenda ndi mwana sankhani woyendetsa wodekha.

Munthu wolembedwa ntchito akavulala pa ntchitopo, lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la chaka cha 2000 limati bwana wake ndiye asenze ndalama zoyenera za chipatala. Nkhani yotere kaitulireni ku ofesi ya za ntchito pa boma.

NDALAMA ZINA ZOSALEMBEDWA PA BILU

Ngakhale chipatala chikhale chaulere, matenda amadya chuma m'njira zina: ndalama ya kabaza kupita ndi kubwerera, ufa ndi ndiwo za wodikirira wodwala, sopo, nkhuni, ndiponso munda umene umatsala wosapalira. Tsoka silinunkha. Banja lanzeru limakonzekera lisanagwe.

Mukagulitsa mtedza, nandolo kapena chimanga, patulani kandalama ka matenda, kokwanira ulendo wa anthu awiri wopita ku Ntcheu ndi kubwerera, ndipo musakakhudze pa zina. Ngati muli mu banki mkhonde, limbikitsani thumba la ngozi kuti membala azitha kubwereka msanga popanda chiwongoladzanja. Mabanja amene amalandira Mtukula Pakhomo achitenso chimodzimodzi. Pewani katapila, ndipo musagulitse chimanga chonse cha m'nkhokwe, pakuti mwana wa chilonda amafuna chakudya choposa masiku onse. Mutu umodzi susenza denga: uzani abale, a mpingo ndi a mfumu, kuti ena athandize kumunda pamene inu muli ku chipatala.

Chakudya nachonso ndi mankhwala. Mpatseni mwana zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi. Phala likhale lotsira nsinjiro. Mpatseni mazira, usipa, nyemba, masamba, ndi zipatso monga mapapaya, mango ndi magwafa. Dzira limene ena amaswera pa chilonda lingathandize koposa mwana atalidya. Ngati sikelo ya mwana ikutsika, uzani alangizi a za umoyo. Mwana wopezeka ndi matenda a kusowa zakudya amalandira chiponde mwaulere.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Bwererani ku chipatala osadikira tsiku limene anakuuzani ngati muona izi: chilonda chikununkha kapena kutuluka mafinya, kutupa ndi kufiira kukufalikira, mwana watentha thupi, akukana kuyamwa kapena kudya, wafooka kapena akungogona, nsagwada zauma kapena thupi likuumirira. Inu amayi amene munachira ndi opareshoni, yang'anirani bala lanu m'njira yomweyi. Mchombo wa khanda nawonso ndi chilonda. Musapakepo china chiri chonse kupatula mankhwala amene mwapatsidwa ku chipatala, ndipo mankhwala a pa mchombowo asafike m'maso mwa mwana.

KODI MUNGAKADANDAULE KUTI?

Wina akakupemphani ndalama m'chipatala cha Boma, kapena akakulipiritsani chinthu chimene pangano la Boma linalipira kale, yambani mwafotokozera mkulu wa chipatalacho kapena a komiti ya chipatala, amene ndi anthu a m'midzi mwanu momwemo. Kuyambira mu 2018 m'zipatala munaikidwanso ofesi ya Ombudsman wa chipatala, imene ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala. Kudandaula ndi kwaulere. Nenani tsiku, malo ndi zimene zinachitika, ndipo onetsani lisiti ngati liripo. Mukatero mwathandiza amayi anzanu amene akubwera pambuyo panu.

Pa malangizo a umoyo palinso Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011. Funsani alangizi a za umoyo a m'dera lanu kuti akupatseni nambala yake.

KUMBUKIRANI IZI

1. Tchingani malo ophikira, ndipo mphika wa phala kapena madzi otentha musausiye pansi pamene mwana akusewera. Wodwala khunyu asakhale yekha pafupi ndi moto, ndipo azimwa mankhwala ake mosadumphitsa.
2. Mwana alandire katemera yense. Katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amamteteza ku kafumbata. Inunso amayi malizani katemera wanu.
3. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani ku chipatala.
4. Ku chipatala cha Boma chithandizo cha chilonda ndi chaulere.
5. Ku chipatala cha mishoni funsani za pangano la Boma. Ku chipatala cha anthu funsani mtengo wonse.
6. Mukalipira ndalama iri yonse, tengani lisiti.
7. Sungani pamalo amodzi buku la chipatala, khadi la sikelo, makalata ndi malisiti.
8. Musasiye kumangitsa chilonda mpaka a chipatala atakuuzani kuti chapola.

Ngati pali zina zimene simunamvetse m'kabuku kano, funsani anamwino kapena alangizi a za umoyo tsiku la sikelo likudzali.